Ng'ombe ipite ndi nkhuku kapena ndi udzu? Za kaganizidwe ka Kum'mawa ndi Kumadzulo

Nkhoma:
Akuluakulu, pali mawu amene amanenedwa kawirikawiri, akuti mzungu akayang'ana amaona chinthu chimodzi chimene chili patsogolo pake, pamene munthu wa ku China kapena ku Japan amaona chinthucho pamodzi ndi zonse zochizungulira. Ambiri amangowatchula ngati mwambi, osanena kumene anachokera. Funso langa ndi lakuti anayeza bwanji? Maganizo a munthu si chimanga choti n'kuika pa sikelo. Amene mukuzidziwa njira zake tiyalireni, mutiuzenso pamene zimatsimphina.

Nabanda:
Tiyambe ndi yophweka a Nkhoma, yoti ngakhale pakhonde mutha kuyesa. Mumajambula zinthu zitatu papepala limodzi: nkhuku, ng'ombe ndi udzu. Mumamufunsa munthu kuti ziwiri ziti zikuyenderana, akasankha mumamufunsanso chifukwa chake. Funso lachiwirili ndiye mwini nkhani, koma ambiri oyesa amalidumpha. Amene wati nkhuku ndi ng'ombe chifukwa zonse ndi ziweto, wasanja zinthu potengera mtundu wake. Amene wati ng'ombe ndi udzu chifukwa ng'ombe imadya udzu, wayang'ana chimene chikuzilumikiza.

Liang-Hwang Chiu anachita zimenezi mu 1972 ndi ana asukulu a ku America ndi ana Achitchaina. A ku America ankakonda kusanja potengera mtundu, Achitchaina potengera ubale. Mu 2004 Li-Jun Ji, Zhiyong Zhang ndi Richard Nisbett anabwereza ndi ophunzira a kuyunivesite, koma ndi mawu olembedwa m'malo mwa zithunzi, monga pusi, nthochi ndi chimbalangondo chija amati panda. Zinatuluka zomwezo, komanso anapeza kanthu kena. Ophunzira a ku China ndi ku Taiwan ankapendekera kwambiri ku ubale akafunsidwa m'Chitchaina kusiyana ndi akafunsidwa m'Chingerezi. A ku Hong Kong ndi Singapore, amene anakula ndi zinenero ziwirizo kuyambira ali ana, ankayankha chimodzimodzi kaya mwawafunsa m'chinenero chiti.

Funso limodzi silikwanira. Pamafunika mafunso otere ambiri, osakaniza ndi ena ongodzazira, kuti woyankha asatulukire chimene mukusaka.

Mbewe:
Imene inatchuka kwambiri ndi ya nsomba. Takahiko Masuda ndi Nisbett, 2001, ophunzira a ku Kyoto ndi a ku Michigan. Anawaonetsa timakanema ta pansi pa madzi, kalikonse ka masekondi 20, kawiri. Kutsogolo kunali nsomba zikuluzikulu zoyenda mofulumira, kumbuyo kunali tinsomba, chule, nkhono, miyala, zomera ndi thovu. Kenako n'kuwauza kuti nenani zimene mwaona. Wa ku America nthawi zambiri ankayamba ndi nsomba yaikuluyo, kuti inali yotani ndipo imalowera kuti. Wa ku Japan ankayamba ndi malo: kunali ngati dziwe, madzi anali obiriwira, pansi panali miyala. Za nsomba zikuluzikulu onse ananena zochuluka mofanana, koma za kumbuyo a ku Japan anatchula zambiri ndi pafupifupi 60 peresenti.

Gawo lachiwiri ndi limene limandigwira mtima. Anawaonetsa zithunzi n'kufunsa ngati nsomba iyi anaionapo m'kanema muja. Nsomba ikakhala pamalo ake omwe aja, a ku Japan ankaizindikira bwinobwino. Ikaikidwa pamalo achilendo ankaphonya kwambiri. A ku America kusintha kwa malo sikunkawasokoneza kwenikweni. Ndiye kuti m'mutu mwa wa ku Japan uja nsomba ndi malo ake zinasungidwa ngati katundu mmodzi.

Naphiri:
Vuto la njira ziwirizi ndi lakuti zimadalira pakamwa. Munthu atha kuona zonse koma n'kusankha zonena potsata kalankhulidwe ka kwawo. N'chifukwa chake Shinobu Kitayama ndi anzake mu 2003 anakonza mayeso osafuna kulankhula. Mumamuonetsa munthu bokosi lojambulidwa papepala, tinene la masentimita 9 mbali zonse, ndipo kuchokera pamwamba pake pali mzere wotsika wa masentimita 3. Mumachotsa pepalalo n'kumupatsa bokosi lina lopanda mzere, lokulirapo kapena locheperapo. Ntchito zilipo ziwiri. Yoyamba, ajambule mzere wotalika ndendende ngati uja, osalabadira bokosi. Yachiwiri, ajambule mzere wolingana ndi bokosi latsopanoli monga woyamba uja unalinganira ndi lake, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo atatu. Mukatero mumatenga rula n'kuyeza kuti waphonya ndi mamilimita angati. A ku America ankachita bwino pa yoyamba, a ku Japan pa yachiwiri.

Chimene anthu sachitchula ndi chakuti a ku America amene ankakhala ku Japan ankayankha ngati eni dziko, ndipo a ku Japan okhala ku America nawonso ankapendekera kwa eni dziko akumeneko. Za magazi tiziiwale msanga.

Nkhoma:
Ngati si magazi, ndiye zinachokera kuti mayi Naphiri? Pajatu ena amati zonse zinayamba ndi anzeru akale aja, Aristotle wa ku Greece ndi Confucius wa ku China.

Chisale:
Nisbett mwini wake amaloza komweko. Aristotle anabadwa mu 384 ndipo anamwalira mu 322 Khristu asanabadwe. Kwa iye, ukafuna kudziwa chifukwa chimene mwala umagwera pansi, uyang'ane mwalawo, chifukwa ndi chikhalidwe chake kufuna pansi. Uike chinthu m'gulu lake, upeze lamulo la gululo, basi wadziwa chimene chichite. Ndi iyenso amene anakhazikitsa lamulo lakuti chinthu sichingakhale choona ndi chabodza nthawi imodzi m'njira imodzi. Confucius anakhalako kuyambira 551 mpaka 479, ndipo nkhawa yake sinali miyala koma anthu: mwana achite chiyani kwa bambo ake, nduna kwa mfumu, wamng'ono kwa mkulu wake.

Kuti muone kusiyana kwake pafupi, tengani nkhani ziwiri zofanana. Mkulu wina wolamulira dera anauza Confucius monyadira kuti kwawo kuli munthu wolungama kwambiri, moti bambo ake ataba nkhosa iye anakawachitira umboni wowatsutsa. Confucius anayankha kuti kwawo wolungama sachita choncho, bambo amabisa mwana ndipo mwana amabisa bambo, ndipo kulungama kuli m'menemo. Ku Athens, Plato analemba za Euthyphro, amene ankapita kukasumira bambo ake. Bambowo anamanga wantchito amene anapha kapolo, n'kumuponya m'dzenje podikira malangizo, ndipo wantchitoyo anafera momwemo ndi njala ndi kuzizira. Socrates, mphunzitsi wa Plato, atamva zimenezi nayenso anadabwa kuti mwana akusumira bambo ake, ndipo abale a Euthyphro anakwiya. Choncho onse awiri anamva kulemera kwa ubale. Asiyana pa chimene anachita nako kudabwako. Socrates sanagamule mlandu, anapanikiza Euthyphro kuti apereke tanthauzo limodzi la kupembedza koyenera lomwe lingagwire pa milandu yonse, ndipo tanthauzo lililonse limene anapereka analiphwasula.

Confucius sankafuna tanthauzo limodzi. Ophunzira ake awiri, Zilu ndi Ran You, anamufunsa funso lofanana, kuti munthu akamva chinthu choyenera achite nthawi yomweyo kapena ayi. Kwa Zilu anati bambo ako ndi akulu ako alipo, ungachite bwanji osawafunsa. Kwa Ran You anati chita pompano. Wophunzira wachitatu atadabwa, anamuuza kuti Ran You ndi wamphwayi ndiye ndamukankha, Zilu ndi wapupuluma ndiye ndamubweza. Socrates akanati awa ndi mayankho awiri otsutsana. Kwa Confucius yankho limatsata munthu amene wafunsa.

Nangondo:
A Chisale mwalongosola bwino, koma ndikutsutseni pang'ono. Kuika Aristotle mbali iyi ndi Confucius mbali inayo ndi kusankha anthu awiri amene akugwirizana ndi nkhani yomwe mwakonza kale. Ku China komweko kunali Mozi, amene anabwera Confucius atangomwalira, ndipo otsatira ake analemba malamulo a kutsutsana, matanthauzo a mawu, ngakhale za kuwala ndi mithunzi. Gongsun Long ankalimbana ndi funso lakuti kodi hatchi yoyera ndi hatchi, lomwe ndi funso la magulu lenileni. Anthu amenewa anazimiririka pamene mafumu anasankha chiphunzitso cha Confucius, ndipo mayeso olowera ntchito za boma, amene anayamba cha m'ma 600 Khristu atabadwa n'kuthetsedwa mu 1905, anakhomerera msomali. Zaka zoposa 1,000 mnyamata wofuna udindo ankaloweza mabuku omwewo. Chimenecho ndi chisankho cha boma, si chibadwa cha Mtchaina.

Nanga India muiika kuti? Anthu a chiphunzitso cha Nyaya anali ndi ndondomeko ya masitepe asanu potsimikizira nkhani: paphiri pali moto, chifukwa pali utsi, paliponse pali utsi pamakhala moto monga kukhitchini, phiri ili lili ndi utsi wotero, choncho pali moto. Ku Greece nakonso kunali Heraclitus wonena kuti zonse zikusintha ndipo zotsutsana n'zolumikizana, mawu amene Mtchaina wokhulupirira yin ndi yang, mphamvu ziwiri zotsutsana koma zodalirana, angagwedezere mutu. Ndiponso wophunzira wa ku Michigan wa zaka 19 amene amaona nsomba yaikulu uja mwina Aristotle sanamuwerengepo ndi tsamba limodzi lomwe. Payenera kukhala china chimene chikumuphunzitsa tsiku ndi tsiku.

Chisale:
Za Mozi ndavomera. Koma munthu sachita kuwerenga Aristotle kuti amutsate. Mphunzitsi akamati lemba mfundo yako m'ndime yoyamba, uiteteze, ugwetse yotsutsa, Aristotle walowa m'kalasi osagogoda.

Jere:
China chimene mayi Nangondo akufunacho ena amati chili kumunda. Mpunga wa m'madzi si mbewu yolima wekha. Umafesa ku nazale, ndipo mbande zikafika msinkhu uyenera kuwokera munda wonse m'masiku ochepa, ukachedwa zokolola zimatsika. Munda uyenera kusalazidwa kuti madzi aime mofanana. Madziwo amabwera m'ngalande imodzi yodutsa m'minda ya anthu ambiri, wakumtunda akatseka wakumunsi mpunga wauma, wina akapanda kupala gawo lake la ngalande mudzi wonse wavutika. Ntchito yake pa ekala imakhala pafupifupi kuwirikiza kawiri ya tirigu, ndiye mabanja amabwerekana manja ngati pa dima, n'kupanganirana masiku owokera kuti asawombane. Tirigu amadalira mvula, ndipo banja limodzi limamutha lokha.

Thomas Talhelm ndi anzake mu 2014 anati ngati n'zoona, kusiyanaku kuoneke mkati mwa China momwe, pakati pa kumwera kwa mtsinje wa Yangtze kolima mpunga ndi kumpoto kolima tirigu. Anayesa ophunzira 1,162, onse a mtundu wa Han, womwe ndi mtundu waukulu ku China, m'malo asanu ndi limodzi. Pa mayeso a zinthu zitatu aja, ochokera kwa mpunga ankasanja kwambiri potengera ubale. Anawapatsanso pepala kuti ajambule timagudumu toimira iwo eni ndi anzawo, kenako ofufuza n'kuyeza kukula kwa timagudumuto. Pa mayeso amenewa a ku America amadzijambula okulirapo kuposa anzawo ndi mamilimita pafupifupi 6, a ku Ulaya 3.5, a ku Japan amadzichepetsa pang'ono. A kwa tirigu anadzikuza ndi mamilimita pafupifupi 1.5, a kwa mpunga anadzijambula olingana ndi anzawo. Onsewa anali ophunzira, osati alimi.

Mu 2018 anapita m'malo omwera khofi a Starbucks m'mizinda ya China n'kumakankhira mipando iwiri pakati pa njira, kusiya kampata kakang'ono. Kumpoto anthu 16 pa 100 alionse ankasuntha mpando, kumwera 6 okha, ena onse ankadzipanikiza n'kudutsa chammbali.

Mbewe:
Ya mipandoyo imasangalatsa, koma kumwera ndi kumpoto kwa China n'kosiyana pa zambiri: nyengo, chuma, zilankhulo, mbiri ya nkhondo. Mpunga mwausankha bwanji pakati pa zonsezo? Ndiponso akatswiri ena a ku China komweko anadandaula kuti m'kafukufuku wa 2014 zigawo zina zinali ndi ophunzira ochuluka, zina ochepa kwambiri.

Jere:
Dandaulolo ndi lomveka achimwene. Anayesa kuliyankha m'njira ziwiri. Mu 2014 momwemo anayerekeza maboma oyandikana a m'malire a mpunga ndi tirigu, kumene nyengo ndi chilankhulo n'zofanana, ndipo kusiyana kunaonekabe. Yamphamvu ndi ya 2024. M'chigawo cha Ningxia muli minda iwiri ya boma, Lianhu ndi Qukou, yotalikirana makilomita 56, imene inakhazikitsidwa m'ma 1950. Boma linkangotumizako anthu osawafunsa mbewu imene akufuna, wina unakhala wa mpunga, wina wa tirigu. Alimi a kwa mpunga anapezeka oganiza kwambiri motsata ubale. Apa simunganene kuti ndi makolo a zaka 2,000 zapitazo.

Ku Turkey nakonso, Ayşe Uskul ndi anzake mu 2008 anayesa alimi, asodzi ndi oweta ziweto a dera limodzi la m'mbali mwa Black Sea, chinenero chimodzi, mtundu umodzi. Oweta ziweto, amene amagamula zambiri paokha, anayankha mopendekera ku njira ija timati ya azungu kuposa alimi ndi asodzi.

Nabanda:
Pali chinthu china chimene chimasokoneza mayeso a zinthu zitatu kuposa mpunga, ndicho sukulu. Alexander Luria anapita ku Uzbekistan mu 1931 ndi 1932 n'kumaonetsa alimi osaphunzira hamala, sowo, nkhwangwa ndi chipika, kuti achotsepo chimene sichikugwirizana ndi zinzake. Iye ankayembekeza kuti achotsa chipika poti zinazo ndi zida. Iwo ankakana, amvekere zonse n'zofunika, ukachotsa chipika sowoyo icheka chiyani? Anawafunsanso kuti kumpoto kwenikweni kumene kuli chipale zimbalangondo zonse n'zoyera, Novaya Zemlya ili kumeneko, ndiye zimbalangondo zake n'zamtundu wanji? Ankayankha kuti sitinafikeko, kafunseni amene anaziona. Anzawo a m'midzi yomweyo amene analowako sukulu kanthawi kochepa chabe ankayankha monga Luria ankafunira.

Ku Liberia, Joseph Glick anapatsa alimi a mtundu wa Kpelle zinthu 20 za magulu anayi: zakudya, zovala, zida ndi ziwiya. Iwo ankaika mpeni ndi lalanje, khasu ndi mbatata, n'kumati munthu wanzeru amasanja choncho. Atatopa anawafunsa kuti nanga chitsiru chingasanje bwanji. Anamusanjira milu inayi yaudongo, zakudya pazokha, zida pazokha. Ndiye kuti njira inayo ankaidziwa bwinobwino, ankangoiona yopanda ntchito. Mayesowa amayeza chimene munthu amakonda kuyambira, osati chimene angathe.

Nkhoma:
Ndiye ngati mlimi wa ku Uzbekistan ndi wa ku Liberia akuyankha ngati wa ku Kyoto, mawu oti Kum'mawa akutanthauzanso chiyani? Ife tili mbali iti?

Nangondo:
Mwalasa pamenepo. Ambiri tsopano amati wachilendo padziko si wa Kum'mawa koma wophunzira wa ku America uja. Jeffrey Arnett mu 2008 anawerenga anthu amene anayesedwa m'magazini akuluakulu a maphunziro a maganizo kuyambira 2003 mpaka 2007. Anapeza kuti 68 peresenti anali a ku United States, ndipo 96 peresenti anali a m'mayiko olemera a azungu. Joseph Henrich, Steven Heine ndi Ara Norenzayan mu 2010 anakumbutsa kuti mayiko amenewa ali ndi 12 peresenti yokha ya anthu a padziko. Pa anthu oyesedwawo, a ku Africa sanakwane ndi 1 peresenti yomwe. Ndiye mzere wa Kum'mawa ndi Kumadzulo unajambulidwa chifukwa chakuti mayunivesite okhala ndi ndalama zofufuzira anali ku Michigan, ku Kyoto ndi ku Beijing.

Za ife, ntchito imene ndingaloze ndi ya Robert Serpell wa ku University of Zambia, amene kuyambira m'ma 1970 anafufuza pakati pa Achewa a ku Katete. Sanabwere ndi mayeso a nsomba. Ankafunsa akuluakulu a m'mudzi kuti pa ana awa mungatume uti patagwa ntchito yachilendo, ndipo chifukwa chiyani. Anapeza kuti mawu oti nzeru ali ndi miyendo iwiri, kuchenjera ndi kutumikira, ndipo pambali pake pamabwera kumvera ndi kukhulupirika. Mwana wochenjera koma wosatumika sankamuwerengera kuti ali ndi nzeru zokwanira. Aliyense wa ife akudziwa kuti kunena munthu kuti ndi wochenjera si kumuyamikira nthawi zonse, Kalulu ndi wochenjera. Mayeso a nzeru ochokera kwa azungu amayeza mwendo umodzi wokhawo.

Serpell yemweyo mu 1979 anapatsa ana a ku Zambia ndi a ku England ntchito yokopera zithunzi. Ndi pensulo papepala a ku England anapambana, ndi waya a ku Zambia anapambana, ndi dongo anafanana. Mwana wopanga galimoto zawaya mukamuyesa ndi pensulo, mwayeza pensuloyo.

Naphiri:
Ndiwonjezere ya zolembera, chifukwa ikuonetsa mmene zotsatira zoona zimamasuliridwira molakwika. Heejung Kim ndi Hazel Markus mu 1999 anaima pabwalo la ndege la San Francisco n'kumapatsa apaulendo mafunso, ndipo pothokoza ankawatambasulira zolembera zisanu kuti asankhe chimodzi. Zinali za mitundu iwiri, wina wochuluka, wina wochepa, monga zinayi ndi chimodzi. Azungu a ku America pafupifupi atatu mwa anayi alionse ankatola cha mtundu wochepawo, a ku East Asia osakwana mmodzi mwa atatu. Anamasulira kuti awa amakonda kukhala osiyana ndi anzawo, awo amakonda kufanana ndi gulu.

Toshio Yamagishi ndi anzake mu 2008 anasintha kanthu kamodzi. Akamuuza munthu kuti ndiwe womaliza, palibenso wina asankhe pambuyo pako, a ku Japan ankatola chosowacho mofanana ndi a ku America. Akamuuza kuti ndiwe woyamba, anzako anayi akubwera, a ku America nawonso ankachisiya. Ndiye si kuti wa ku Japan sachifuna. Akapanda kuuzidwa kanthu amaganiza kuti alipo wina amene andione ndipo ndingamulande, pamene wa ku America akapanda kuuzidwa amaganiza kuti palibe. N'chimodzimodzi nthuli yomaliza m'mbale, kuisiya sikutanthauza kuti munthu sadya nyama.

Mbewe:
Za mafunso a papepala, oti chongani kuyambira 1 mpaka 7, ndiye musakhulupirire msanga. Choyamba, munthu akafunsidwa ngati amalemekeza gulu amadziyerekeza ndi anthu a kwawo, ndiye wa ku Japan wodziona ngati wodzikonda pakati pa anzake achonga nambala yotsika ngakhale kuti ku Chicago akanaoneka wofatsa. Chachiwiri, a ku East Asia amakonda kuchonga pakati, a ku America m'mphepete. Chachitatu ndi kumasulira, liwu limodzi likapotoka funso lonse lasintha. Yohtaro Takano ndi Eiko Osaka mu 1999 anaunika kafukufuku 15 woyerekeza Japan ndi America pa nkhani yokonda gulu, ndipo 14 sanagwirizane ndi zimene anthu amanena.

Ndiponso Jinkyung Na ndi anzake mu 2010 anapereka mayeso osiyanasiyana otere kwa anthu omwewo. Pakati pa magulu kusiyana kunkaoneka, koma kwa munthu mmodzi, kuchita mwa ubale pa mayeso awa sikunkalosera kuti achitanso choncho pa enawo. Choncho simungatenge injiniya mmodzi wa ku China amene wabwera kudzamanga msewu n'kunena kuti ndikudziwa mmene amaganizira.

Chisale:
Komabe tisafike ponena kuti palibe kanthu. Joan Miller mu 1984 anafunsa anthu a ku Mysore ku India ndi a ku Chicago kuti afotokoze chifukwa chimene munthu wina amene amamudziwa anachitira choipa. Ana a zaka 8 a mbali zonse ankayankha mofanana. Pa zaka 11, 15 mpaka akuluakulu ankanka nasiyana: a ku Chicago ankati ndi khalidwe lake munthuyo, a ku Mysore ankatchula udindo wake ndi zimene zinamugwera. Michael Morris ndi Kaiping Peng mu 1994 anayerekeza mmene New York Times ndi World Journal, nyuzipepala ya Chitchaina, zinalembera za anthu awiri amene anawombera anzawo mu 1991, wina pa yunivesite ya Iowa, wina pa positi ofesi ku Michigan. Ya Chingerezi inkatsindika mtima wa wakuphayo, ya Chitchaina inkatsindika za kusamvana ndi omuyang'anira, kutha kwa ntchito ndi kupezeka kwa mfuti. Zimenezi zimakafika kukhoti, pa funso lakuti wolakwa ndani ndipo alangidwe motani.

Nangondo:
Zilipo ndithu, koma zimasuntha. Ying-yi Hong ndi anzake anaonetsa ophunzira a ku Hong Kong zithunzi, ena za chinjoka ndi khoma lalikulu la China, ena za mbendera ya America ndi nyumba yawo ya malamulo. Kenako chithunzi cha nsomba imodzi ili patsogolo pa gulu la zinzake. Oona za America ankapendekera konena kuti ikutsogolera, oona za China konena kuti ikuthamangitsidwa. Anthu a sukulu imodzi, zithunzi za mphindi zochepa. Ndipo chimene lero timati chikhalidwe cha azungu, chouza wodwala matenda ake maso ndi maso m'malo mouza abale, si chakale. Mu 1961 Donald Oken anapeza kuti madokotala a ku America pafupifupi 90 pa 100 alionse sankauza wodwala kuti ali ndi khansa. Mu 1977 mafunso omwewo atabwerezedwa, 97 pa 100 ankauza. Aristotle anali atamwalira kalekale pa zaka zonse ziwirizo.

Nkhoma:
Nanga wophunzira wa ku Zomba kapena ku Mzuzu atafuna kuyesa kuno, ayambire pati? Pajatu mpunga tili nawo.

Jere:
Tili nawo, koma asankhe bwino. Chimene Talhelm akunena si mbewu koma ngalande. Mpunga wa m'dambo wodalira mvula sukakamiza anthu kugawana madzi, ndiye sulowa m'nkhaniyi. Apite kumasikimu othirira monga Hara ndi Wovwe ku Karonga, Limphasa ku Nkhata Bay, Likangala ndi Domasi kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kapena Muona ku Nsanje. Oyerekeza nawo akhale alimi a chimanga a m'midzi yoyandikana, a chilankhulo chomwecho ndi mpingo wofanana, osati a boma lina. Alembe kuti munthu wakhala pa sikimu zaka zingati, chifukwa ambiri olima mpunga alinso ndi munda wa chimanga kumtunda.

Nabanda:
Ndipo zaka za sukulu azilembe kwa aliyense, apo ayi adzapeza za Luria n'kumati wapeza za mpunga. Zithunzi asatengere za kunja, panda palibe amene amudziwa kumudzi. Nkhuku, ng'ombe ndi udzu nazonso zili ndi msampha m'Chichewa. Nkhuku ndi ng'ombe zili m'gulu limodzi la mayina, timati nkhuku iyi, ng'ombe iyi, koma udzu uwu, ndiye akamatchula mawu khutu lokha litha kuzikokera pamodzi. Asankhe zinthu zitatu za gulu limodzi la mayina, kapena zonse za magulu osiyana, monga khasu, chikwanje ndi munda. Wofunsa asakhale mphunzitsi wa pasukulu ya m'mudzimo, chifukwa anthu adzayankha za m'kalasi. Afunse munthu mmodzimmodzi, osati pagulu, poti woyamba akayankha mokweza ena angotsatira. Akamaliza kulemba yankho ndi chifukwa chake, afunsenso lija la Glick, kuti nanga munthu wina angasanje bwanji, ndipo yankho lachiwirilo likhale ndi danga lakelake pafomu.